Mfuti ya Yotamu Itakana Kulira

Mfuti ija inagona patebulo la Sajeni Chiedza Milanzi ngati kanthu kosalakwa, thako lake lamtengo litasalala ndi manja a anthu awiri amene tsopano onse anali kuli chete. Woyamba anali mkulu Yotamu Chisale, amene analondera nayo mapulazi ndi migodi ya kuno ku Bindura zaka makumi atatu, mpaka chifuwa cha fumbi chitamutenga chaka chatha. Wachiwiri anali mwana wake Kingston, amene anailandira pogawa katundu wa malemuwo. Ameneyu, mwana wa anthu, anangoigwira milungu itatu basi.

Lamulungu masana, anthu ali kumapemphero, amuna atatu a zikwanje anatulukira pa kamgodi ka golide ka m'mbali mwa msewu wa ku Shamva, pamene Kingston ankalondera. Ananyamula matumba a miyala yosankha kale, n'kumusiya ali thapsa pakhomo pa shedi, mfuti ili m'manja. M'kati mwa mfutimo munali chipolopolo chosawombedwa, chokakamira moti apolisi awiri amphamvu zawo analephera kuchizula. Kuwomba anayesa ndithu, koma mfuti ndi imene inakana.

Akuba aja anasowa osasiya ndi phazi lomwe. Koma ife a pakomboni mukutidziwa, sitigona ndi maliro opanda mwini. Lachitatu, pochokera kumanda, anthu anamugwira Staford Kamwendo, msuweni wa Kingston yemwenso anali mlonda mnzake, amene pa nthawi ya tsokalo sanali pantchito. Akanamumaliza ndi miyala apolisi akanapanda kumulanditsa. Tsopano anali m'chitokosi, ndipo Lachisanu m'mawa amayenera kukaima kukhoti pa mlandu wogwirizana ndi akuba n'kuipha mfuti mwadala. Mlandu wotere munthu amalowa nawo kundende tsitsi lili lakuda, n'kudzatuluka ali ndi imvi.

Limeneli linali Lachinayi. Bwana wake wa Chiedza anali atakhutira kale. "Ndiwe wa kwa Achimwene iwe," anatero pomukankhira fayilo, potchula dzina limene eni dziko amatitcha ife obwera. "Kamve zimene akunena m'chilankhulo chawocho, titseke nkhaniyi."

Chiedza analandira fayiloyo. Chichewa chake chinali cha agogo ake a ku komboni ya Wadzanai, chomva bwino koma cholemera pakamwa. Anagwira chitsulo cha mfuti ija kuti aitembenuze, ndipo pochotsa dzanja anamva zala zake zikumata.

* * *

Staford anakhala pakona, diso limodzi litatsekeka ndi kutupa. Anali munthu wamawu ochepa, mwa aja amene amayamba ayang'ana pansi asanayankhe.

"Lamulungu masana unali kuti?" anafunsa Chiedza.

"Kuchipatala, Sajeni. Mayi a kunyumba ndi oyembekezera, anayamba kumva m'mimba nthawi isanakwane. Ndinamupempha Kingi kuti atsale yekha maola awiri okha."

"Kalata ya kuchipatala ndaiona. Ikunena za mkazi wako. Za iwe sikunenapo kanthu."

"Amuna satilowetsa. Ndinakhala panja, pansi pa mtengo."

"Mtengo supereka umboni, Staford. Loweruka anthu anakuona ukuphwasula mfuti."

"Sindinaphwasule ayi. Kingi anati bawuti ikulimba, chitsulo chija chokankhira chipolopolo. Ndinakoka, ndinakankha. Inkayenda ngati phazi m'matope. Ndinati Lolemba tipite nayo kwa asekuru Kaitano, agogo aja okonza zitsulo, akaione." Anayang'ana pansi. "Lolembalo silinamupeze."

"Pomubwezera mfutiyo unamuuza chiyani?"

Staford anakanda simenti ndi chala chakuphazi.

"Ndinati, 'Idzakukana mfuti imeneyi, msuweni, chifukwa mwini wake weniweni ndine.'"

Ha, pakamwa! Chiedza anatseka maso, chifukwa nkhani yake ankaidziwa. Kwawo kwa makolo, katundu wa mwamuna ankapita kwa mwana wa mlongo wake, ndipo Staford anali mwana wa mlongo wa Yotamu. Koma kuno anthu anatengera za eni dziko, wolowa ndi mwana wobereka. Pa tsiku logawa katundu akuluakulu anakanganapo pang'ono, mfuti n'kupita kwa Kingston, Staford n'kupatsidwa jekete ndi njinga.

"Chinali chisuweni, Sajeni," anatero Staford. "Iye ankanditcha kapolo wa bambo ake, ine ndinkamutcha wakuba. Tinayamba tisanadziwe kuvala. Tsiku limenelo anaseka mpaka kutsokomola. Lero amene anamva mawu anga alipo khumi, amene anamva kuseka kwake palibe."

"Njingayo inakukwanira?"

"Ine mfuti ndimaiopa. Ndimalondera ndi chibonga."

Chiedza ananyamuka, koma atafika pakhomo anatembenuka. "Kingston atailandira, anaiyesapo?"

"Zipolopolo zinalipo zisanu ndi chimodzi zokha. Anati sangataye ngakhale chimodzi pa mtengo."

"Ndiye chimwalirireni amalume ako, ndani anaimvapo ikulira?"

Staford anadzutsa mutu koyamba, namuyang'ana ndi diso lake limodzi lija.

"Palibe," anatero.

* * *

Pa kamgodi paja chigayo cha miyala chinali zii, mwini wake atapita ku Harare kukalira katundu wake. Munthu yekhayo amene analipo anali Anesu, mayi wophikira makorokoza, anyamata okumba golide aja. Anali Mshona wokwatiwa pakomboni, ndipo Chichewa chake chinkathamanga chitanyamula Chishona m'khwapa.

"Hapana chandakaona ini, sisi, sindinaone kanthu!" anatero Anesu, Chiedza asanakhale n'komwe.

"Sindinakufunseni kanthu, amayi."

Chiedza analowa m'kakhitchini kamalata, nasuzumira pampata wa pakona. Khomo la shedi linkaoneka bwinobwino, ndi mchenga watsopano umene anathira pa magazi. Pambali pake panali ndowa ziwiri zazikulu zovundikira.

"Mahewu a Lolemba mumakonza liti?"

"Musi weSvondo, Lamulungu masana, kuti asase bwino." Anesu anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. "Maiwe, ndili ndi ana ine, sisi! Anthu aja akadziwa kuti ndinawaona, ana anga alera ndani?"

"Nkhope zawo tikambirana tsiku lina. Lero ndiuzeni za mfuti yokha."

Anesu anayang'ana kumsewu, anayang'ana kuphiri, kenako zonse zinangokhuthuka.

"Anatulukira uko kuchulu cha mchenga, atatu, nkhope atamanga nsanza. Kingi anakuwa, 'Mirai ipapo, imani pomwepo!' n'kuloza. Sisi, anaima! Wina wamfupi anataya chikwanje pansi, anakweza manja, maondo akuombana. Wamtali anali atayamba kubwerera chambuyo. Wachitatu yekha, benzi lija, wamisala uja, ndi amene ankasenderabe pang'onopang'ono. Kingi anakweza mfuti m'mwamba kuti awaopseze. Ndinatseka makutu ine, kudikira. Ndinangomva kha! Basi. Kha, ngati wathyola kamtengo. Anakoka chitsulo chija, chinabwera movuta, anasuzumira m'kati, anakankha, sichinapite. Anachimenya ndi chikhatho, anamenyanso, anamenyanso, akuitana mai vake, 'Amayi, amayi!'" Anesu anaphimba nkhope ndi chitenje. "Wamfupi uja anawerama, anatola chikwanje chake."

Chiedza anadikira kuti mayiyo apume.

"Mukuti anataya chikwanje. Munaona ndi maso anu?"

"Ndinamva ndi kulira kwake komwe pamwala."

Chiedza analemba mawu amenewo, nawadula mzere kunsi kawiri. Munthu amene wauzidwa kuti galu wa pakhomo alibe mano sakwera mumtengo. Akuba aja ankaiopa mfuti, kusonyeza kuti palibe amene anawatsina khutu kuti ndi yakufa. Koma Chiedza ankamudziwanso bwana wake. Akanangoti wamfupiyo anzake sanamuuze, n'kutseka fayilo. Panafunika kuti mfuti yomweyo inene amene anaipha, ndipo dzuwa linali litafika kale paliwombo.

* * *

Asekuru Kaitano anali makaniko wa mumgodi wopuma ntchito, amene tsopano ankakonza mapampu a makorokoza m'kashedi kuseri kwa nyumba yawo. Pa unyamata wawo ndi iwo ankatsuka mfuti za alonda a kampani, ndipo ndi Yotamu anamwera chikho chimodzi zaka makumi anayi.

"Iwe sindiwe mdzukulu wa Milanzi wa pashafuti ya mumgodi uja?" anatero akumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mphuno yake yomweyo! Nanga Chichewa unachisiya kuti?"

"Chilipo, asekuru. Chimangochita manyazi."

Anaseka, koma Chiedza atamasula thumba n'kutulutsa mfuti ija, kuseka kunathera pomwepo. Anavula chipewa. Anapukuta manja pa ovolosi asanaigwire.

"Mfuti ikakana, mwanangu, okayikiridwa amakhala atatu, ngati kwanu kupolisi. Chipolopolo, msomali wogogoda chipolopolocho, ndi sipuling'i yokankha msomaliwo. Tiwafunse mmodzimmodzi. Iwe kaime kuseri kwa mgolo uwo, sindikufuna kukafotokoza kwa Milanzi kumwamba."

Anasolola bawuti yonse n'kuiika pambali. Anathira parafini pamene panakakamira chipolopolo, nadikira. Kenako analowetsa ndodo yamkuwa kukamwa kwa mfuti, n'kumagogoda pang'onopang'ono ngati munthu woodira pakhomo pa odwala. Kachisanu, chipolopolo chinagwera pansanza, chitakutidwa ndi zinthu zofiirira.

"Bwera uone. Kadiso aka ka kumbuyoka, msomali ukamenya bwino pamakhala dzenje. Apa ukuona chiyani?"

"Kachipsera kakang'ono."

"Kuluma kwa udzudzu. Chipolopolo chilibe mlandu, sichinamenyedwe. Ndipo kambedza kochikokera kunja sikakanachizula, taona mmene chinamatirira."

"Bwana wanga akuti msomaliwo wina anaupala ndi tupa kuti ufupike."

"Aikona! Bwana wakoyo anagwirapo tupa chibadwire? Chitsulo chopalidwa dzana chimawala ngati dzino la mwana. Uwu ndi wakuda, nsonga yake yobulungira mmene anaipangira eni ake. Ameneyunso watuluka m'mlandu. Watsala mmodzi."

Anafunafuna m'chitini cha zitsulo mpaka anapeza kapaipi ka mano awiri kamene anasula okha kalekale. Anamasula bawuti ija. Msomali umene umayenera kudumpha wokha unangokhala phee, moti anachita kuukoka ndi pulayala. Sipuling'i inatuluka yathunthu, yosathyoka pena paliponse, koma mipata yake yonse inali itadzaza ndi zofiirira zija, zolimba ngati ulimbo.

Mtima wa Chiedza unagwa. "Guluu," anatero. "Wina anathiramo guluu." Ndipo amene anagwira mfuti Loweruka ankadziwika ndi komboni yonse.

Asekuru Kaitano anatenga sipuling'i ija. Anapala pang'ono ndi mpeni, naika pasupuni, nayatsa machesi kunsi kwake. Ananunkhiza. Anaviika chala n'kulawa. Chiedza anaona nkhope ya mkuluyo ikusintha, ndipo anadziwa kuti chimene apeza sichabwino.

"Si guluu," anatero motsitsa. "Ndiponso si za Loweruka. Taona, pansi zauma gwa, pakati zikutamuka, pamwamba zikadali zamadzi. Izi wina ankathira lero, n'kudzathiranso sabata yamawa, miyezi ndi miyezi."

"Nanga n'chiyani, asekuru?"

Anangomupatsa kabotolo kuti asungemo zopalazo. Anatsuka chitsulo chilichonse m'parafini ndi mswachi wakutha, napukuta, namanganso. Kenako anatsogola, Chiedza pambuyo, mpaka kuchulu cha mchenga wa mgodi wakale kumapeto kwa komboni. Analowetsa chimodzi mwa zipolopolo zisanu zotsala zija. Bawuti inatsekeka mosavuta. Analoza mumchenga, nakoka.

Phuu! Njiwa zinabalalika m'mitengo, agalu a komboni yonse anayamba kuuwa.

Asekuru Kaitano anakhala pansi pomwepo, padothi, mfuti ili pamiyendo.

"Theka la kapu ya parafini," anatero. "Mphindi makumi awiri. Mwana uja akanangobwera Loweruka lomwelo!" Misozi inatsikira m'makwinya mwawo, ndipo sanaibise. "Lemba kuti inakalamba, mwanangu. Lemba kuti dzimbiri. Ndani akakutsutsa?"

"Yangolira kumene, asekuru, komboni yonse yamva. Kabotolo aka ndikakapereka popanda dzina lake, akanena kuti ndi guluu, ndipo mawa Staford akalowa. Mwana wake adzabadwa bambo ali kundende."

Mkuluyo anapukusa mutu nthawi yaitali.

"Ndi mafuta a nsatsi," anatero potsiriza. "Pathupi la munthu ndi abwino zedi. Pachitsulo akakhalitsa amauma, amagwira chilichonse. Yotamu ankadziwa. Iye ankathira a makina osokera, madontho awiri, n'kupukuta."

"Yotamu atamwalira, katundu asanagawidwe, mfutiyi inagona kuti chaka chonse?"

Asekuru Kaitano anapukuta maso ndi nsanza yamafuta ija, nkhope yonse n'kuda.

"Ine ndafunsa chitsulo, chayankha," anatero. "Anthu ndi ntchito yako."

* * *

Nyumba ya a Zelesi, mkazi wamasiye wa Yotamu, mayi ake a Kingston, inali mumzere wotsiriza. Mipando inali ikadali panja, phulusa la moto wa maliro lisanaoledwe, ndipo amayi a Mvano anakhala pamphasa atavala zoyera zawo, akuimba motsitsa. Kuseri kwa nyumbayo kunali mitengo ya nsatsi yaitali kupitirira denga. Chiedza ataiona anaima. Kukanakhala kotheka kubwerera, akanabwerera.

A Zelesi anali m'kati, pamphasa, atatsamira khoma. Anali mayi wochepa thupi, mawu atasasa ndi kulira kwa masiku anayi, koma maso ali gwa.

"Nematambudziko, amayi," anatero Chiedza atagwada. "Pepani ndi zovutazi."

"Taziona, mwananga. Mwabwera kudzandiuza kuti njoka ija aimanga zaka zingati? Ndinamulera ine Staford. Mayi ake atamwalira anadya m'mbale imodzi ndi Kingi, anafunda bulangete limodzi. Lero wandilipira."

"Ndabwera kudzafunsa za mfuti. Inachoka muno ili bwanji?"

A Zelesi anadzuka kukhoma kuja, nakhala tsonga.

"Eya, funso ndi limenelo. Lembani, ndipo mulembe bwino, woweruza akamve. Inachoka muno ikunyezimira. Bambo a Kingi ali pafupi kutisiya anandigwira dzanja, anati, 'Zelesi, mfuti yanga isadye dzimbiri, ndi khasu la mwanayu.' Ine mawu a mwamuna wanga sindinawataye pansi. Katundu wa womwalira sagwiridwa ndi aliyense mpaka tsiku logawa, ndiye ndinkaisamala ndekha. Lamulungu lililonse pochokera kutchalitchi ndinkaitulutsa, n'kuigoneka pamiyendo apa, n'kuidzoza. Osati mafuta ogula amene sudziwa kuti anapangira chiyani, ayi. Anga enieni a nsatsi, kukazinga ndekha, kusinja ndekha, kuyenga ndekha. Omwe aja ndinkawasisita nawo bambo ake pamsana chifuwa chikawagwira. Paliponse pamene panali kabowo ndinkathirapo ndi nthenga ya nkhuku mpaka asefukire. Chaka chathunthu, osadumpha ndi sabata imodzi yomwe! Ndiye wina aziti mfuti imeneyo inafa yokha?"

Chiedza anali atamangapo akupha enieni dzanja lake osanjenjemera. Apa cholembera chinamulemera. Zonse zinali papepala tsopano, ndipo pepalalo linali lokwanira kumutulutsa Staford. Akanatha kuthokoza, kutsanzika, n'kupita. Koma ndiye kuti mawa mayiyu akanakazimva kukhoti, pakamwa pa womasulira, pamaso pa alendo. Ayi, zimenezo sakanamuchitira ngakhale mdani. Anasendera pafupi, nafunafuna mawu m'Chichewa cha agogo ake, chifukwa nkhani yotere munthu sauzidwa m'chilankhulo cha eni.

"Amayi, Staford sanaiphe mfuti. Asekuru Kaitano aitsegula ine ndikuona. M'kati monse munali mafuta ouma ngati ulimbo, ndi amene anagwira msomali wowombera. Atatsuka, yalira."

"Kulira kumene tinamva masana kuja?"

"Komweko."

"Mafuta anji?"

Chiedza sanathe kuyang'ana kumbali. "A nsatsi, amayi. Akakhalitsa pachitsulo amauma."

"Bodza!" A Zelesi anamenya mphasa ndi chikhatho. "Mafuta amene ndalera nawo ana asanu? Amene azamba a komboni ino amabwera kudzapempha? Kaitano wakalamba, mutu wake sukugwira."

"Pathupi ndi mankhwala ndithu. Inu simukanadziwa. Inenso mpaka lero sindinkadziwa."

Panja nyimbo inatha, ina inayamba. A Zelesi anayang'ana manja awo, kunsi ndi kumwamba, ngati ndi a munthu wina. Atayambanso kulankhula mawu awo anali aang'ono, moti Chiedza anachita kuwerama kuti amve.

"Lamulungu m'mawa anadzera pano popita kuntchito. Anati, 'Amayi, chitsulochi chikulimba, mawa ndipita nacho kwa asekuru.' Ine ndinati, 'Bwera nayo kuno, yauma imeneyo, milungu itatu sunaidzoze.' Ndinathiramo. Ndinathira mpaka anadonthera pansi apo." Analoza banga lakuda pasimenti pafupi ndi khomo. "Anandiseka. Anati, 'Amayi, mukuyesa khanda?' Anatuluka akuseka mwana wanga."

Chiedza analira. Mupolisi salira pantchito, koma iye analira.

"Ndikanangoisiya mmene anaisiyira bambo ake," anafunsa a Zelesi, "ikanalira?"

Bodza linali pakamwa pa Chiedza, lokonzeka, lofewa bwino. Koma maso aja anali pa iye, ndipo linakana kutuluka. A Zelesi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, atamva yankho lake.

"Bweretsani pepalalo."

Anadinda chala chachikulu pansi pa mawu awo, mwamphamvu, mpaka inki inafalikira.

"Staford atuluka liti?"

"Mawa m'mawa, pepalali likafika kukhoti."

"Ayi, lero. Wagona mokwanira pasimenti chifukwa cha pakamwa panga. Ndine ndinayamba kumuloza kumanda kuja, ndine ndinati mugwireni." Anapuma. Kenako anaphatikiza manja awo onse awiri, nawatambasulira kwa Chiedza. "Tiyeni tsopano. Mangani."

"Palibe mlandu, amayi. Palibe lamulo limene mwaphwanya."

"Funani bwino m'mabuku mwanumo."

"Mulibe, amayi."

"Ndiye mundisiya muno? Ndi manja amenewa?"

Chiedza anawagwira manjawo. Anali ofewa modabwitsa, manja a munthu amene wagwira mafuta moyo wake wonse. A Zelesi anawasolola mwakachetechete. Anamanga bwino duku lawo, anagwira khoma, nadzuka. Chiedza anafuna kuwatsekereza, anati zimenezi zikhoza kudikira, anthu akamva okha kukhoti, koma iwo anamulambalala ngati palibe munthu. Anakaima pakhomo, dzuwa la kumadzulo likuwawomba kumaso.

"Amayi inu, tadulani nyimboyo," anatero, mawu awo osasa aja akumveka mpaka kumsewu. "Itanani ndi abambo aja anagenda dzulo, abwere ndi miyala yawo. Ndikuuzeni amene wapha mwana wanga."